Mita inkalemba 000 koma nkhono zinkagwa: nkhani ya thanki ya makorali ku Johannesburg

Ntchito yanga ndi yosamalira mathanki a nsomba m'nyumba za anthu ndi m'maofesi kuno ku Johannesburg. Ndinayambira pa mbuna zakwathu zomwe, zimene kuno zimagulitsidwa imodziimodzi pamtengo woti msodzi wa ku Chembe atamva angagwe ndi phwete, kenako ndinalowa m'mathanki a madzi amchere okhala ndi makorali, tizamoyo ta m'nyanja yamchere tomanga zigoba zolimba ngati miyala. Nkhani ndikulembayi ndi ya thanki imodzi imene inandiyendetsa njira yolakwika kwa milungu iwiri yathunthu. Mayina a anthu ndawasiya. Amene anamanga chitsulo chosayenera pamgolo wa madzi si iye yekha anaphonya. Inenso ndili momwemo, ndipo gawo langalo ndi limene ndikufuna anzanga a ntchitoyi alimvetse bwino.

Thankiyo ndi ya malita 600, yokhala ndi kathanki kena pansi kosefera madzi, kamene pantchito timangoti sump. Tikachotsa malo amene miyala ndi mchenga zatenga, madzi onse ozungulira ndi pafupifupi malita 650. Inali itatha zaka zitatu ikuyenda bwino. Munali ma clownfish awiri, yellow tang mmodzi ndi tinsomba tina ting'onoting'ono, nkhono 15 za mtundu wa Trochus, ma shrimp awiri aja otsuka nsomba, ndi makorali a Euphyllia, Montipora komanso Acropora imodzi yaikulu imene eni ake ankainyadira kwambiri. Eni akewo ndi mayi wachikulire wopuma pantchito, munthu wadongosolo, wolemba m'kope chilichonse chimene wayeza kapena kuthira m'thanki. Ntchito yolemera yonyamula zigubu ndi kusintha madzi inali ya mnyamata wakwathu amene amagwira ntchito pakhomopo.

Kwa inu amene mwazolowera madzi opanda mchere, gwirani kaye mfundo iyi. Thanki ya makorali imamwa madzi amitundu iwiri. Oyamba ndi obwezeretsa amene auluka. Madzi akamauluka mchere suuluka nawo, ndiye obwezeretsawo amayenera kukhala opanda mchere ngakhale pang'ono. Mukamathira amchere, thanki imanka ikuwawa mpaka zamoyo zitafa. Achiwiri ndi osinthira: timachotsa gawo la madzi akale n'kuthira atsopano amene tasungunuliramo mchere wopangidwira ntchitoyi, magalamu pafupifupi 35 pa kilogalamu iliyonse ya madzi amcherewo, mofanana ndi nyanja yamchere yeniyeni. Pachipangizo choyezera timafuna 1.025 kapena 1.026. Mitundu iwiri yonseyi gwero lake ndi limodzi, madzi oyeretsedwa ndi makina a RO/DI, osefa madzi a pampope mpaka kuchotsamo pafupifupi chilichonse chosungunuka. Mbuna mutha kuziweta ndi madzi a pampope mutangochotsamo chlorine, sizidandaula. Makorali ayi. Ndipo kuopsa kwa madzi obwezeretsa n'kwakuti chilichonse chimene alowa nacho chimatsala m'thanki: madzi auluka, chija chatsala, mawa chabweranso china pamwamba pake. M'nyengo yozizira mpweya wa kuno umauma kwambiri, moti thankiyi inkataya malita 8 mpaka 10 patsiku.

Makina awo anali m'galaja, a magawo anayi monga ambiri: sefa yogwira zinyalala ya ma micron 5, sefa ya makala yochotsa chlorine, membrane ya RO, kansalu kosefa kogwira michere yosungunuka, yolembedwa kuti imatulutsa magaloni 75 patsiku, omwe ndi malita pafupifupi 280, ndi botolo limodzi la timikanda ta DI totola zotsala zimene membrane yalephera kugwira. Madzi otuluka ankagwera mumgolo wabuluu wapulasitiki wa malita 200. Kukamwa kwa mgolowo kunali valavu yoyandama, yonga ija ya m'kathanki ka chimbudzi chamadzi, yoti madzi akatsika makina aziyamba okha, akadzadza azisiya. Kapampu kobwezeretsa madzi kankakoka mumgolo momwemo kudzera pakapaipi koboola khoma, ndipo madzi osungunulira mchere ankatungidwanso momwemo.

Mayiwa anandiimbira foni kumayambiriro kwa Julayi. Dandaulo linali la fumbi lofiirira pamchenga ndi pagalasi, loti ukapukuta m'mawa, pofika madzulo labwerera. Awa ndi ma diatom, tizamoyo tomanga tizigoba tawo ndi silica. M'thanki yongoyamba kumene sitidabwa nato, timabwera n'kutha tokha. M'thanki ya zaka zitatu, tikabuka choncho, ndiye kuti pali pamene silica akulowera. Iwo anali atachita kale zimene aliyense angachite: kusintha madzi kuja anakuchotsa pa malita 65 kamodzi pamlungu n'kukufikitsa pa kawiri pamlungu. Fumbi linangochulukirachulukira.

Nditafika ndinayeza za masiku onse. Mchere unali pa 1.026, kutentha madigiri 25, KH (mlingo wa ma carbonate m'madzi) pa 8, calcium 420, magnesium 1300, nitrate cha m'ma 5, phosphate 0.06. Palibe chodandaulitsa. Ndinafunsa za madzi a RO/DI, mayi n'kundiperekeza kugalaja, n'kudina batani la mita ya TDS, yoyeza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi, yomangidwa papaipi yotuluka mu DI. Mita inalemba 000. Ndinayang'ana botolo la timikanda, tija tosintha mtundu tikatha mphamvu, ndipo pamwamba pake panali pakadali kamzere kabuluu kokula ngati zala ziwiri. Ndinawauza kuti madzi ali bwino. Chivundikiro cha mgolo sindinachitsegule n'komwe. Ndinaika mankhwala a GFO ogwira phosphate, ndinachepetsa maola a magetsi a thanki, ndinakoka fumbi lija ndi paipi, n'kunyamuka ndili wokhutira.

Pamenepo ndi pamene ndinalakwa, ndipo sikunali kusadziwa ayi. Ndinkadziwa bwino kuti ma diatom amaloza ku madzi olowa. Ndinangolola manambala atatu apagalasi la mita kuti aganize m'malo mwanga.

Milungu iwiri yotsatira zinthu zinasintha mtundu. Nkhono zinayamba kugwa pagalasi, n'kumagona chagada osatha kudzitembenuza, chonsecho Trochus amadziwika ndi kudzitembenuza yekha. Shrimp mmodzi anafa atangofundula, mnzake anatsatira patapita masiku anayi. Euphyllia anasiya kufutukuka, anangokhwinyata m'chigoba chake. Acropora ija inayamba kusupuka mnofu kuyambira patsinde kukwera m'mwamba, n'kumasiya fupa loyera. Koma nsomba zonse zinali zanyonga, zikudya ngati palibe chachitika.

Mayi anayamba kukayikira mnyamata uja. Ankati mwina wapopera mankhwala ophera tizilombo pabalaza, kapena wapukuta galasi ndi mankhwala otsukira mawindo, kapena waviika dzanja lasopo m'thanki. Sindingawanene kwambiri, chifukwa zimenezi zimachitikadi ndipo zimapha zamoyo zopanda msana mofanana ndithu ndi zimene tinkaonazi. Ndinamufunsa, iye anakana modekha, ndipo fungo kapena chizindikiro chilichonse cha mankhwala panalibe. Ndinaika makala atsopano mu sump kuti ngati muli poizoni wamtundu umenewo agwidwe. Imfa zinachepa pang'ono koma sizinaleke.

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi kope la mayi lija n'kuyala masiku. Zinthu ziwiri zinaonekera poyera. Choyamba, tsiku lililonse lotsatira kusintha madzi ndi limene nkhono zinkagwa zambiri. Chachiwiri, nsomba zili bwino pomwe nkhono, shrimp ndi makorali zikutha. Aliyense amene wachizapo nsomba za m'madzi amchere matenda a timadontho toyera akudziwa chimene chimachita zotere: mkuwa. Pochiza nsomba timathira mkuwa wofika 0.15 kapena 0.2 ppm (ppm imodzi ndi miligalamu imodzi pa lita ya madzi) ndipo nsomba zimapirira, koma timachita zimenezi m'thanki yapadera chifukwa kachigawo kakang'ono ka mlingo umenewo n'kokwanira kupha nkhono ndi shrimp. Ndinafunsa ngati wina anathirapo mankhwala a mkuwa m'thankimo. Palibe. Ndinatulutsa hita kuona ngati yang'ambika, ndinamasula mapampu onse kufuna maginito yochita dzimbiri, ndinafufuza pansi pa miyala ngati mwagwera ndalama yachitsulo kapena kawaya. Zonse zinali bwino.

Yankho linachokera kwa amene tinkamuyesa wolakwa. Tinali panja tikutsuka zigubu, iye n'kunena motsitsa mawu: "Achimwene, kodi chija choyandama mumgolomu sichingakhale ndi vuto? Chakale chija chinathyoka mu Meyi, madzi anasefukira galaja yonse. Ndiye kunabwera pulambala, anaikamo china cholimba, chachitsulo."

"Chachitsulo chamtundu wanji, mphwanga?"

"Chachikasu ngati golide."

Ndinasiya chigubu pomwepo. Titatsegula chivundikiro, tinapeza valavu ya brass, ya mtundu umene amamanga pamathanki a madzi a m'nyumba, ndodo yake ili yoviikidwa m'madzi, itachita kale ndere yobiriwira ya dzimbiri la mkuwa m'malo olumikizira. Brass ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc. Pulambalayo anachita ntchito yabwino malinga ndi zimene amadziwa: chapulasitiki chathyoka, waikapo chosathyoka. Mayi sanalembe m'kope chifukwa kwa iwo imeneyi inali nkhani ya mipope, osati ya nsomba. Mnyamatayo sananene chifukwa panalibe anamufunsa zimene anaona. Tonse tinkangomufunsa zimene anachita.

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Madzi oti achotsedwa chilichonse amakhala ndi njala. Mumpope wa madzi wamba brass imatha zaka, poti madziwo ali kale ndi michere yawo ndipo pachitsulopo pamamatira kansalu koteteza. Madzi a RO/DI alibe chilichonse, ndiye amanyambita chitsulo chimene akhala nacho usana ndi usiku. Tsono mita ya TDS siiona chimenecho pazifukwa ziwiri. Mita yawo inali papaipi valavu isanafike, kutanthauza kuti inkayeza madzi asanakumane ndi brass. Komanso, ngakhale ikanakhala mumgolo momwemo, mita ya TDS imangoyeza mmene madzi akudutsitsira magetsi n'kusandutsa zimenezo kukhala ppm, ndipo kachidutswa kake kochepetsetsa ndi 1 ppm. Mkuwa umapha pa ma ppb, ndipo 1 ppm ndi ma ppb 1,000. Mkuwa wa 30 ppb ndi 0.03 ppm basi. Mita ilemba 000 mosanama konse, nkhono zikugwa. Kuyeza mkuwa ndi mita ya TDS kuli ngati kuyeza ufa wa m'kasupuni pasikelo yoyezera matumba a chimanga kumsika.

Mita yanga ya m'manja nditaiviika mumgolo inalemba 2. Kabokosi koyezera mkuwa ka m'sitolo kanasintha mtundu pang'ono kwambiri, moti ukanatha kukangana ndi mnzako ngati kasinthadi, poti timabokosi timeneti tinapangidwira milingo yochizira nsomba, osati yaing'ono chonchi. Ndinatunga madzi a m'thanki ndi a mumgolo n'kuwatumiza ku labu yoyeza ndi makina a ICP, otha kuona ngakhale milingo yaing'ono kwambiri, koma zotsatira zimatenga masiku, ndipo sindikanadikira. Ndinaika Poly-Filter mu sump, kansalu kaja kosintha mtundu malinga ndi chimene kagwira. Pofika tsiku lachitatu kanali katayamba kuchita buluu. Zotsatira za labu zitabwera zinangotsimikiza: mkuwa m'thanki unali pafupifupi 30 ppb, mumgolo unali woposa pamenepo kawiri, ndipo zinc nayenso anali wokwera. M'nyanja yamchere kutali ndi gombe mkuwa sufika ngakhale pa 1 ppb.

Koma brass ilibe silica. Valavu inalongosola imfa za nkhono, osati fumbi lofiirira limene mayi anandiitanira poyamba. Chiyeso chinali chachikulu choti ndingosintha valavu n'kulengeza kuti mlandu watha. Ndinakana chiyesocho chifukwa ndinali nditapusitsidwa kale kamodzi, ndipo ndinabwerera kumakina kukayeza gawo ndi gawo, zimene ndikanachita tsiku loyamba lija.

Madzi a pampope anali pa 150 ppm. Otuluka mu membrane, makina atayenda mphindi 15, anali pa 12. Ndiye kuti membrane inkagwira 92 peresenti, pomwe yabwino imagwira 96 mpaka 98. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma werengerani kumbali ya timikanda ta DI: membrane yogwira 98 peresenti ikanatumiza 3 ppm, iyi inkatumiza 12, katundu wolemera kanayi. Geji ya mphamvu ya madzi inkaloza pa 2.5 bar, chonsecho ma membrane a mtunduwu amayesedwa pa 50 psi, pafupifupi 3.4 bar, ndi madzi a madigiri 25. Madzi a pampope m'mawa umenewo anali pa madigiri 13. Kuzizira kumachepetsa madzi otuluka ndi pafupifupi 3 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo mphamvu ikachepa, membrane imatulutsa madzi ochepa komanso osayera mokwanira.

Kenako makala. Madzi a m'mipope ya kuno amatetezedwa ndi chloramine, yomwe ndi chlorine yophatikizidwa ndi ammonia kuti ikhalitse m'mapaipi ataliatali. Kwa omwa madzi ndi chinthu chabwino. Kwa ife ndi ntchito yowonjezera. Chloramine imavuta kuichotsa kuposa chlorine wamba, imafuna makala ambiri ndi nthawi yotalikirapo yoti madzi akhudzane nawo. Ndinatunga madzi papaipi yotaya madzi otsala amene sanadutse membrane, popeza amenewo adutsa kale m'makala, n'kuyeza kawiri. Poyeza chlorine yoyenda yokha panalibe kanthu. Poyeza chlorine yense pamodzi, kuphatikizapo wa mu chloramine, madzi anachita pinki, kusonyeza kuti chloramine inkadutsa m'makala. Sefa ya makalayo inali itatha miyezi 14 isanasinthidwe. Anzanga, mukamayeza ndi kabokosi ka chlorine yoyenda yokha m'dera la chloramine, mudzapeza ziro nthawi zonse ndipo mudzagona tulo tabwino membrane ikudyeka. Chloramine imadya membrane pang'onopang'ono kusiyana ndi chlorine, koma imadya ndithu. Ndipo ngakhale makala akugwira bwino ntchito, akaiphwanya amasiya ammonia, yemwe gawo lake limadutsa membrane n'kukatha mphamvu timikanda.

Chomaliza chinali kamangidwe kenikeni ka makinawo, ndipo ichi n'chimene ndimachipeza m'nyumba zambiri. Makina a RO akaima, michere ya mbali ya madzi akuda imawolokera pang'onopang'ono kumbali ya madzi oyera mpaka mbali ziwirizo zitayandikana. Mukayatsa, madzi oyamba kutuluka amakhala akuda. Ndinayeza ndekha: mphindi yoyamba mita inalemba kupitirira 60, kenako n'kumatsika mpaka kukhazikika pa 12 paja. Tsono ganizirani makina olamulidwa ndi valavu yoyandama. Kapampu kakakoka lita imodzi, valavu yatseguka, makina ayenda mphindi zochepa, atseka. Kenanso, kenanso, kambirimbiri patsiku. Timikanda ta DI tinkamwa madzi oyamba aja nthawi zonse, oyera bwino aja osawalawa n'komwe. Mayi ankaona 000 chifukwa ankadina mita pamene atunga madzi ambiri osinthira, makina atayenda nthawi yaitali.

Timikanda tikayandikira kutha, sititaya zonse nthawi imodzi. Timayamba kutaya zimene tinagwira mofooka, ndipo silica ali m'gulu loyambirira. Choipa n'chakuti silica wosungunuka m'madzi otere sadutsitsa magetsi kwenikweni, ndiye mita simuona. Nditayeza madzi otuluka mu DI ndi kabokosi ka silica, mtundu unaonekera bwinobwino, mita ikadali pa 000. Nditatsegula botolo ndinapeza timikanda tili tolekeza, tosatsindiridwa, madzi atadzipangira njira yawo m'mbali. Kamzere kabuluu kamene kanandinyenga kaja kanali ka timikanda toti madzi ambiri ankangotilambalala.

Tsiku lomwe tinapeza valavu, ndinazimitsa kapampu kobwezeretsa madzi ndipo tinaleka kutunga mumgolo. Madzi onse a thanki anayamba kuchokera pamakina anga, m'zigubu. Mayi ankafuna tikhuthule thanki yonse tsiku limodzi n'kuthira madzi atsopano. Ndinakana. Makorali anali atafooka kale, ndipo kusintha madzi onse mwadzidzidzi kumawagwedeza ngakhale mutafananitsa mchere ndi kutentha mosamala chotani. Chinanso, mkuwa wambiri sunali m'madzi. Unali utamatira m'miyala ndi mumchenga, ndipo ukanabwerera m'madzi atsopanowo pang'onopang'ono. Tinagwirizana zosintha malita 100 masiku atatu alionse, kasanu. Mukawerengera, zimenezi zimasiya pafupifupi 43 peresenti ya madzi akale, choncho pazokha sizikanakwanira. Ntchito yotsalayo inali ya Cuprisorb, timikanda togwira mkuwa, pamodzi ndi Poly-Filter ndi makala osinthidwa mlungu ndi mlungu. GFO ndinamuchotsa, poti phosphate sanali vuto chiyambire. Nkhono iliyonse yakufa tinkaichotsa nthawi yomweyo kuti isawole m'thanki. Acropora ndinaona kuti siipulumuka, ndiye ndinathyola nsonga zisanu zimene zinali zikadali ndi mnofu wabwino n'kupita nazo kwanga m'kathanki kapadera.

Mgolo tinautaya madzi, tinautsuka ndi asidi wa citric, tinautsukuluza kangapo, ndipo tinaikamo valavu yapulasitiki. Mayi anafunsa ngati si bwino kugula wina. Ndinati ayi, pulasitiki wamtundu wosungira zakudya akatsukidwa ndi asidi amayera, ndipo madzi oyamba amene tinadzazamo tinawayezetsa tisanawagwiritse ntchito. Lamulo limene ndinawalembera pakhoma la galaja ndi lakuti kuchokera pa DI kupita kutsogolo, madzi asakhudze chitsulo chilichonse: mpope, valavu, cholumikizira, ngakhale kanati.

Membrane sindinathamangire kuisintha. Ndinayamba ndamanga pampu yowonjezera mphamvu ya madzi, kufikitsa pa 5.5 bar, kuti ndione ngati vuto linali mphamvu chabe. Inatsika kuchoka pa 12 kufika pa 9. Pamenepo ndinadziwa kuti yadyekadi, ndipo yatsopano inapereka 3. Ndikanasintha membrane osakonza mphamvu, yatsopanoyo ikanaoneka ngati yokhumudwitsa, mayi n'kuganiza kuti ndawagulitsa chinthu chabodza. Makala ndinaika awiri motsatizana, a mtundu wopangidwira chloramine. DI ndinaikanso mabotolo awiri motsatizana, otsindiridwa bwino, mita ili pakati pawo: ikangolemba 1, botolo loyamba lichoke, lachiwiri libwere kutsogolo, latsopano lipite kumbuyo. Mwanjira imeneyi silica wotayidwa ndi loyamba amagwidwa ndi lachiwiri. Pakati pa membrane ndi DI ndinaika kavalavu kopatutsa madzi, koti mphindi zisanu zoyamba azipita kudimba la maluwa osati m'timikanda. Madzi otsala aja, omwe amakhala pafupifupi malita anayi pa lita iliyonse yoyera, nawonso tinawalozetsa kumaluwa; mumzinda umene mipope imauma nthawi zina, kuwataya m'ngalande kumandiwawa mtima.

Kusintha kwakukulu kunali kopanda mtengo uliwonse: makina aleke kuyenda okha. Tsopano amayatsidwa ndi munthu kamodzi kapena kawiri pamlungu, n'kuyenda ulendo umodzi mpaka mgolo utadzadza. Valavu yoyandama yangotsala ngati mlonda woletsa kusefukira. Kapampu kobwezeretsa madzi sikakokanso mumgolo waukulu. Kali ndi chigubu chake cha malita 40 pafupi ndi thanki, chokwana masiku anayi. Kapampu kotere tsiku lina kamakanirira osazima. Kakakhuthulira malita 40 m'thanki ya malita 650, mchere utsika kuchoka pa 35 kufika cha m'ma 33, zamoyo zipirira. Kakanakhala kakukoka mumgolo wodzazidwa ndi makina osaleka, mukanadzuka m'mawa n'kupeza thanki ya mbuna.

Mnansi wina wa mayiwa, atamva kuti kuzizira kumachedwetsa makina, analangiza kuti tilumikizeko madzi otentha a m'giza. Musayese. Madzi otentha a m'nyumba zambiri amayenda m'mapaipi a mkuwa, ndipo membrane imawonongeka madzi akapitirira madigiri 45.

Za kusungunula mchere sindinasinthe zambiri, poti mnyamatayo ankachita bwino kale: madzi ayambe alowa, mchere uzithiridwa pang'onopang'ono pampu ikuvundula, osati kuthira madzi pamulu wa mchere, chifukwa potero calcium amaundana n'kusanduka choko chosasungunukanso. Ndinangowagulira kabotolo ka madzi a 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu) kokonzera refractometer, chipangizo choyezera mchere chija, m'malo moikonzera pa madzi a RO monga ankachitira.

Euphyllia anayamba kufutukuka mlungu wachiwiri. Fumbi lofiirira linatha lokha pofika mlungu wachitatu, popanda mankhwala alionse. Mlungu wachinayi ndinapupulumanso: poona zonse zikuyenda, ndinachotsa Cuprisorb. Patapita masiku asanu Poly-Filter yatsopano inachitanso buluu m'mphepete, ndipo nkhono imodzi mwa zotsala inagwa. Miyala inali ikubwezabe mkuwa. Ndinabwezeretsa Cuprisorb ndipo anakhalamo mpaka mwezi wachitatu. Kuyezetsa kwa mlungu wachisanu ndi chimodzi kunapeza 4 ppb. Kwa mlungu wa 12 labu sinathenso kuupeza. Pamenepo ndi pamene ndinaikamo nkhono zatsopano, zitatu zokha poyamba, n'kudikira milungu iwiri kuona ngati zikhala pagalasi, kenako zina, ndipo shrimp pomaliza.

Zimene tinataya ndi izi: shrimp onse awiri, nkhono 11 mwa 15, ndi Acropora yaikulu ija. Montipora anatuwa koma anabwerera mtundu patapita miyezi iwiri. Nsomba sitinataye ngakhale imodzi. Ndikabwerera m'kope la mayi, nkhono zambiri ndi shrimp onse zinafa mkati mwa milungu iwiri imene ine ndinkalimbana ndi phosphate.

Kuchokera nthawi imeneyo, ndikaitanidwa ku thanki ya makorali yodwala, ndimayambira kugalaja ndisanaone nsomba. Ndimatsegula chivundikiro cha mgolo n'kuunikamo ndi tochi, ndimatsatira paipi ndi dzanja kuchokera pa DI mpaka m'thanki kufuna chitsulo. Ndimayeza malo anayi, pampope, pambuyo pa membrane, pambuyo pa DI ndi mumgolo momwemo, ndipo pa membrane ndimayeza kawiri, mphindi yoyamba ndi makina atayenda. Ndimafunsa kuti ndani wakonzapo mipope, denga kapena magetsi m'miyezi itatu yapitayi, chifukwa eni thanki saona zimenezo ngati nkhani ya nsomba. Ndipo funso limenelo ndimafunsa amene amanyamula zigubu, tili awiri panja, abwana ake kulibe.

Mayi anamupepesa mnyamatayo ine ndili pomwepo, ndipo kope la makina a madzi tsopano amalemba ndi iye: tsiku losintha masefa, manambala a malo anayi aja, ndi chlorine yense wa papaipi yotaya madzi kamodzi pamwezi. Mwa nsonga zisanu za Acropora zimene ndinapita nazo kwanga, ziwiri zinapulumuka. Ndinazibweza m'thanki mwezi wachinayi, n'kuzimata pamwala womwe uja panali make. Imodzi yatulutsa kale nthambi zitatu.